Nkhata pamutu pa a Filomena

Ana inu, ndaona kuti ndikamayankhula mumagwedeza mitu maso ali pa foni, choncho nkhani iyi ndailemba m'kope. Iwe Tadala uwerengere anzako mokweza. Chichewa chako chimatsimphina koma chimafika. Chisomo kopeli asaligwire, amataya zinthu. Madalitso akhale pansi, asiye kutsegula filiji.

Mumandiseka kuti agogo sakhulupirira munthu. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikadali ndi moyo ndipo palibe anandiberapo chikwama m'basi. Wobweretsa makalata ndimamuyang'ana mpaka atatseka geti. Abusa akamapemphera diso langa limodzi limakhala lotsegula, osati chifukwa cha abusawo, koma amene ndakhala nawo pabenchi. Musaganize kuti ndinabadwa choncho. Agogo anu aamuna, Mulungu awasunge komwe ali, anandiuza kuti akupita ku Joni miyezi isanu ndi umodzi. Anabwera patatha zaka zisanu ndi wailesi, njinga, ndi mwana amene anati ndi wa mnzawo. Makutu a mwanayo anali a Madalitso enieni. Ndi amalume anu a Fanuel a ku Lilongwe aja. Ndinawalera, ndipo lero ndi okhawo amene amandiimbira foni osapempha kanthu.

Koma si za iwo zimene ndakhalira pansi. Ndikufuna ndikuuzeni za tauni ina ya ku Italy imene ndinapitako, yomwe nkhondo inaifafaniza yonse anthu n'kuimanganso. Dzina lake sindilemba. Ndikukudziwani, mukangoliona mulifufuza pa foni n'kuyamba kunditsutsa.

Ndinafika kuno ku Bradford iwe Tadala uli khanda, amayi ako atabwerera ku ntchito yawo ya unesi. Nyumba zogundanazi zinandisowetsa mtendere. Kwathu ku Ntcheu mnansi wako umamudziwa mpaka agogo ake ndi milandu imene anapalamula. Kuno khoma mukugawana limodzi, koma sudziwa amene akutsokomola kuseri kwake. Wotsokomolayo anali a Filomena, gogo wachizungu wamfupi, wovala zakuda chaka chonse chifukwa cha amuna awo amene anamwalira kalekale. Kuseri kwa nyumba yawo ankalima tomato m'zidebe, ndipo ankabereka. Tomato, ku Bradford, kopanda dzuwa kuno. Ndinati mayi ameneyu ali ndi zake, tisamale.

Sabata yachiwiri ndinapeza mbale pakhomo, yovundikira ndi kansalu. Munali supageti wofiira ndi tomato yemweyo. Kutaya sindikanataya, chakudya sichitayidwa. Ndinawapatsa abambo anu n'kuwayang'anira mpaka m'mawa. Anadzuka bwinobwino. Mbale zinapitiriza kubwera, ine n'kumayamba ndawadyetsa abambo anu, iwo n'kumanenepa. Mpaka lero amauza anzawo kuti apongozi awo ankawakonda kwambiri masiku amenewo. Asiyeni choncho.

Mbale siibwerera yopanda kanthu, ndiye ndinkaikamo mandasi. Patapita zaka zingapo ndinadzamva kuti mandasi angawo a Filomena ankawasunga mpaka Lamlungu, n'kuyamba adyetsa mwana wawo Marco, uja wa ku Salford wa nsapato zonyezimira. Tsiku limene ndinamva zimenezi ndinadziwa kuti ndapeza munthu wanzeru m'dziko muno. Tinayamba kuchezerana. Chingerezi chathu tonse chinali chothyoka, koma chinathyoka malo osiyana, ndiye tikaphatikiza chinkakwana.

Za kwawo anandiuza pang'onopang'ono, tikusenda anyezi m'khitchini mwawo. Tauni yawo inali m'tsinde mwa phiri, ndipo pamwamba pa phirilo panali nyumba yaikulu ya ansembe. Msewu waukulu wa dziko lawo unkadutsa pomwepo, ndipo ndilo linali tsoka lawo, chifukwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija asilikali a mitundu yambiri analimbirana phirilo miyezi. Anthu anathawira m'mapanga. A Filomena anali kamtsikana. M'mawa wina mayi awo anawasiya ndi azakhali kuphanga, n'kutsikira kunyumba kukatenga ufa umene anabisa, atanyamula khanda. Ndege zinabwera m'mawa womwewo. Pofika masana kunalibe tauni.

Sanawapeze. Panalibe poti n'kukumba, chifukwa panalibe wodziwa kuti msewu wawo unali pati. Maenje a mabomba anadzaza madzi, udzudzu unaswana, ndipo amene anapulumuka ndege anayamba kugwa ndi malungo. Apa ndinawadula. Ndinati a Filomena, zinazo ndamva, koma azungu ndi malungo ayi. Anaika mpeni pansi n'kundifotokozera mmene kwinini amawawira, ndi mmene makutu amalirira ukamwa, ngati muli nkhululu m'mutu. Ndinavomera. Zimenezo munthu sangazipeke.

Kumanganso kunayamba ndi manja. Ankagona m'zisakasa za matabwa ndi malata otola. Amuna ankakumba zitsulo za nkhondo n'kumagulitsa, ena n'kuphulika nazo. Akazi ankatuta miyala ya nyumba zogwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kenako kunabwera akuluakulu a boma ndi zingwe ndi zikhomo, n'kulemba misewu yatsopano pomwe afuna, osafunsa kuti pansipo pagona ndani. A Filomena atakula anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafakitale a ubweya, aja mumawaona asanduka mafulati ndi mashopu a makapeti. Kwawo sanabwererenso. Amuna awo ankapita, iwo ankati akaona chiyani.

Ndiye ukalamba unabwera, monga udzabwerera inunso, musaseke. Anayamba kuiwala ketulo pamoto. Marco ankamuitana dzina la bambo ake. Nkhani ya nyumba ya mayi awo inali ya tsiku ndi tsiku: lero inali pafupi ndi tchalitchi, mawa pafupi ndi msika. Marco anayamba kunong'onezana ndi amayi anu pageti, ine ndili kuseri kwa katani. Lamlungu lina anasiya chikwama pampando. Sindinafufuze ayi, ndinangokhudza zipi chikwamacho n'kutseguka. Munali mapepala a nyumba yosungira okalamba ya ku Bolton, olembedwa kale zonse, kungotsala kusaina.

Sindinyoza nyumba zimenezo. Anzathu ambiri a kutchalitchi amagwira ntchito kumeneko, ndipo amasamala anthu kuposa mmene ana awo angachitire. Koma mbewu ukaizula itakula kale siigwira kwina, ndipo a Filomena sakanatha mwezi. Komanso ndiganizireni ine. Kuseri kwa khoma kukanabwera munthu watsopano woti ndiyambirenso kumufufuza zaka khumi.

A Filomena eni akewo ananunkhiza kuti pali kanthu. Anauza Marco kuti akufuna akaone pomwe pagona mayi awo, ndipo sapita popanda Esita. Esita ndine, enanu mumayesa dzina langa ndi Gogo. Marco anabwera kwa ine ndi nkhope ya pamaliro.

"Anti Esita, ndiwatenga kuti mtima wawo ukhale pansi. Koma nyumba imene akunenayo mwina ili m'mutu mwawo mokha. Tikafika n'kuona kuti sakudziwa chilichonse, ndiye kuti tonse tadziwa choyenera kuchita."

"Chiti?" ndinatero.

"Mukaona komweko."

"Ndikaona ndithu. Maso ndiwatenga."

Mapepala anga okhalira m'dziko muno anali atalongosoka nthawi imeneyo. Pasipoti ndinaimangirira m'chiuno ndi chitenje, mkati mwa diresi, moti pabwalo la ndege anachita kunditengera m'kachipinda kuti ndikamasule. Inu mumayenda ndi pasipoti m'thumba la kumbuyo ngati kampango ka mamina. Ife ulendo tinauphunzirira pa basi ya ku Limbe, pomwe munthu wokupatsa moni wabwino kwambiri ndiye unkamusamala. Ndinatenganso mtedza wokazinga wokwana masiku atatu, poti abambo anu ankatsala kuno.

Tinakwera ndege, kenako sitima. Titatsika ndinayang'ana uku ndi uku, n'kumukoka Marco jekete.

"Mwatibweretsa kuti, a Marco?"

"Ndi konkuno, anti."

"Amayi anu anati tauni yawo inalipo Ambuye asanabadwe. Izi ndi nyumba za simenti za dzana. Ku Zomba kuli nyumba zakale kuposa izi. Mwatitsitsa dala pa siteshoni ina kuti asokonezeke."

A Filomena ankayang'ana m'mwamba. "Phiri ndi lomwelo, Esita," anatero. "Zinazi sindikuzidziwa."

Ndikuuzeni za tauniyo, poti ndinaiyang'anitsitsa. Misewu yake ndi yotakata, yowongoka ngati anajambula ndi rula. Nyumba ndi zosanjikizana, zofanana, za anthu amene ankamanga mofulumira mvula ili pamutu. Nyumba ya ansembe ija nayonso inagwetsedwa, koma imeneyo anaimanganso ndendende mmene inalili, zenera pomwe panali zenera. Nyumba za amphawi palibe anafunsa kuti zinali bwanji. Kunja kwa tauni kuli manda a asilikali achilendo, mtundu uliwonse ndi akeake, miyala yoyera m'mizere, udzu wometedwa bwino kuposa mutu wa Madalitso. Mnyamata wochokera kutsidya la nyanja ali ndi mwala ndi dzina. Mayi awo a Filomena, obadwira pomwepo, alibe.

Anthu ake ndi osangalala modabwitsa, ndipo zimenezo zinandikayikitsa. Madzulo alionse amavala bwino n'kumayenda mumsewu waukulu, kupita uko, kubwerera, kupitanso, osanyamula kanthu, osafika kulikonse. Kwathu munthu woyenda choncho timamufunsa kuti wataya chiyani. Maluwa amadzala m'zitsulo za mabomba akale. Ukafunsa njira amakuuza kuti ukhote pomwe panali tchalitchi, udutse pomwe panali chigayo, chonsecho wokuuzayo tchalitchicho sanachionepo. Amakhala m'matauni awiri nthawi imodzi, ya pamwamba ndi ya pansi, ndipo amakonda ya pansiyo.

Kudya ndiye musanene. Mayi wa pa hotela pathu atandiona ndikutafuna mtedza anakhumudwa ngati ndamutukwana, n'kuyamba kubweretsa mbale pamwamba pa mbale. A Filomena anati anthu amene anagonapo ndi njala m'mapanga salola mlendo kudzuka patebulo akuyenda bwinobwino. Ndinkasinthana mbale ndi Marco akayang'ana kumbali. Tsiku lachiwiri anatopa nazo, ankangolawa yekha n'kundipatsa.

Chimene chinandivuta kwenikweni n'chakuti tauni yonseyo ndi manda. Kwathu kumanda sitilozako chala, sitidyerako, sitisekerako. Ndinkayenda monyang'ama, ndikupepesa chamumtima. Marco ali kutsogolo akunyambita ayisikilimu, mwina pamutu penipeni pa agogo ake.

Iwe Tadala unena kuti bwanji osangofunsa foni. Tinafunsa. Mayi wa mu foni uja anati msewu wa dzina limenelo uli m'tauni ina, tikwerenso sitima. Tsiku loyamba tinapita ku ofesi ina komwe anatitulutsira mapu awiri, akale ndi atsopano. Marco anawatembenuza, anawasanjikiza, anawaunika pazenera. A Filomena anati iwo sanakhalepo papepala. Tsiku lachiwiri anatilozera madala atatu pamalo omwera khofi, akuti amadziwa zonse zakale. Atamva dzina la msewu, woyamba analoza kum'mawa, wachiwiri kumadzulo, wachitatu anamenya tebulo n'kunena kuti anzakewo ndi zitsiru. Anakangana mpaka khofi anazizira. Ndinauza Marco kuti awafunse kuti nkhondo inawapeza ali ndi zaka zingati. Awiri anali asanabadwe. Wachitatu anali wa kwina, anangobwera kudzakwatira.

Masana amenewo a Filomena anatizungulitsa okha. Analoza banki n'kunena kuti ndi apo. Tisanafike analoza sitolo ya mankhwala. Kenako anaima pakati pa msewu, anaitana Marco dzina la bambo ake, n'kumufunsa kuti basi ya ku Bradford amakwerera pati. Marco anandiyang'ana. Kenako anangosisita chikwama chake chija.

Apa ndiyambe ndakuphunzitsani kanthu, chifukwa inu madzi mumawadziwira pampopi. Nkhata ndi kansalu kapena udzu wopota mozungulira, umene umaika pamutu usanasenze mtsuko. Ine ndinayamba kusenza ndili wamng'ono kuposa Chisomo, kachitini kaye, kenako kamtsuko, kenako ndowa. Chisomo akanaswa mitsuko ya mudzi wonse. Ukasenza madzi suyang'ana nyumba za anthu, mutu sutembenuka. Njira imalowa m'mapazi ndi m'khosi: apa pamatsika, apa pali muzu, apa madzi amakhavukira kumsana. Mudzi wathu woyamba anatisamutsa ndili mtsikana, malowo n'kusanduka esiteti ya fodya. Nditapitako ndili mayi wa ana atatu ndinasokera m'mizere ya fodya, panalibe mtengo umene ndinauzindikira. Koma chitsime chinalipo. Ndinaima pachitsimepo, miyendo n'kunditengera yokha mpaka pomwe panali khomo la agogo anga.

Khosi la a Filomena ndinali nditaliona kalekale. Msana unali utapindika, koma khosi linali chilili ngati la namwali. Khosi lotero silichokera ku fakitale. M'mawa wa tsiku lomaliza, Marco akulongedza masutikesi, ndinawafunsa.

"Madzi munkatunga kuti?"

"Pakasupe."

"Kunyamula ndi manja?"

"Ndi manja ngati ndani? Pamutu."

"Kasupeyo alipo?"

Analipo. Bomba limagwetsa khoma, koma madzi amatulukirabe pomwe anazolowera. Anamuzunguliza kapaki, muli mabenchi ndi abakha. Pa hotela pathu, pafupi ndi khomo, panali mtsuko wamkuwa wakale ataikamo maluwa apulasitiki. Ndinaubwereka. Kupempha ndinapempha titabwerako.

Pakasupe Marco anakana. "Anti, amayi apitirira zaka makumi asanu ndi atatu. Athyoka khosi. Komanso anthu akutiona."

"Atione. Ife tikukwera sitima madzulo, iwo akutsala."

Ndinamasula chitenje cha paphewa kuti ndipote nkhata. A Filomena anandilanda. Zala zija zimene zinkalephera kumanga mabatani zinapota nkhata kamodzin'kamodzi, n'kulowetsa nsonga mkati, chimodzimodzi mmene amayi anga ankachitira. Ndinangoti kukamwa yasa. Ndinkayesa nkhata ndi yathu yokha. Ndinathira madzi pang'ono, ongokwanira kuti azimveka akamagwedezeka, n'kuwasenzetsa.

"Musayang'ane nyumba," ndinatero. "Mayi anu akudikira madzi. Tiyeni."

Anaima kaye. Kenako dzanja limodzi linapita m'chiuno, ndipo ananyamuka, milomo ikuyenda ndi mapemphero awo a korona. Pambuyo pake anandiuza kuti ali mwana ankayeza mtunda ndi mapemphero omwewo.

Vuto linali lakuti njira yawo inali ya tauni ya pansi ija. Anadula msewu waukulu chopingasa, magalimoto n'kuima, madalaivala atatulutsa mitu. Anadutsa pakati pa matebulo a madala atatu aja osagunda mpando. Kutsogolo kunali shopu yometera, chitseko chili chotsegula. Analowa. Wometayo, lumo lili m'manja, womumetayo ali thovu lokhalokha kumaso, anayang'ana mtsuko, anayang'ana nkhope yawo, n'kupita kukatsegula chitseko cha kumbuyo osafunsa kanthu. Tinatulukira kuseri. Pofika apo tinali gulu: madala aja, aliyense akunena kuti n'kumene ankaloza, amayi ena okalamba amene anatsika m'nyumba zawo ndi masilipasi akupukuta misozi, ndi wathovu uja. Marco ankayenda chammbali manja ali m'mwamba ngati goloboyi. Ine ndinali kumbuyo, diso lina pa a Filomena, lina pa zikwama zathu.

Pena pake madzi anakhavuka n'kuwanyowetsa paphewa. "Apa ndimataya nthawi zonse," anatero osatembenuka. Ndinapondapo. Panalidi kachitunda kobisika pansi pa phula, koti ndi maso sungakaone.

Anakhota, anayenda pang'ono, n'kulowa mu shopu ya madiresi a ukwati. Polowa anapinda mawondo ngati khomo ndi lalifupi, chonsecho linali lagalasi, lotalika kuwirikiza iwowo kawiri. Anaima pakati pa madiresi oyera, madzi akudontha.

"Ndafika. Nditule."

Ndinawatula. Mwini shopu, mayi wachitsikana, anali atakumbatira diresi limodzi kuliteteza ku madzi, akuyankhula mawu amene Marco anakana kumasulira. Atamva nkhani ya a Filomena analisiya diresilo. Anati pansi pa shopuyo pali chipinda chakale cha miyala, agogo ake anamanga pamwamba pake nkhondo itatha, ndipo iye amasungiramo makatoni. Gulu lonse linayamba kuwomba m'manja. Ine ndinakaima pakhomo lotsikira m'chipindamo n'kutambasula manja.

"Dikirani. A Filomena, nenani kaye chimene tikapeze mmenemo. Tikayamba talowa, aliyense anena kuti wazindikira."

Anandiyang'ana moipidwa. "Chitsulo chozungulira pakhoma, chomangirapo bulu."

"Mbali iti?"

"Kumanzere ukamatsika."

Masitepe anali otsetsereka, a Filomena sakanatha. Marco anali atawagwirira, ndiponso nsapato zake ndi akangaude sizigwirizana. Ndinavula zanga, poti ndi kumanda, n'kutsika ndekha ndi tochi ya mwini shopu.

Munali fungo la dothi lonyowa. Makoma anali a miyala yakuda, ina yong'aluka. Ndinaunika kumanzere, ndinasuntha makatoni, ndinapapasa mwala uliwonse. Panalibe kanthu. Ndinaunika kumanja. Chitsulo chinali pomwepo, chadzimbiri, chachikulu ngati chibangili.

Ndinaima nthawi yaitali. Masitepewo anali a simenti, atsopano. Mwina khomo lakale linali mbali inayo, kumanja n'kukhala kumanzere. Mwinanso m'tauni imeneyo nyumba iliyonse inali ndi bulu ndi chitsulo chake. Ine amene ndimatsegula katoni ya mazira ndisanagule, amene sindinavomerepo chinthu ndisanachigwire, apa ndinalibe potsimikizira. Pamwamba ndinkamva nsapato za Marco zikuyendayenda.

Ndinakwera. Maso onse anali pa ine.

"Chilipo, anti?"

"Chilipo."

"Kumanzere?"

"Tochi iyi. Tsikani mukaone nokha, ngati mukundiyesa wabodza."

Sanatsike. Zaka zonse zimene anandidziwa anali asanandimvepo ndikuvomereza chinthu, ngakhale atati kunja kwacha bwino. Anakhala pa kampando ka akwati n'kuphimba nkhope ndi manja. Bambo wamkulu, wa ku ofesi.

Ndinapempha tsache. Mwini shopu anabweretsa makina opopa fumbi, ine n'kukana. Manda sapopa, amasesa. Anakabwereka tsache kwa wometa uja. Ndinatsikanso n'kusesa chipinda chonse, ngodya ndi ngodya, monga timachitira kwathu tikapita kukalambula. A Filomena anakhala pampando pamwamba pa masitepe. Anathira madzi otsala mumtsuko aja pa sitepe yoyamba, n'kuuza mayi awo kuti madzi abwera, achedwa nawo pang'ono. Kenako analira. Kunali kulira kwa ku Bradford, kobisa m'kampango, ndiye ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwathandiza mwa kwathu, mokweza. Amayi a masilipasi aja anandiyang'ana kamphindi, kenako anandiposa. Kumeneko amadziwa kulira, ndisawanamizire. Tsiku limenelo palibe diresi linagulidwa.

Mu sitima madzulo, Marco atapita kukafuna khofi, chikwama chake chinatsegukanso. Mapepala aja munalibe. A Filomena anali atatsinzina, ndinkayesa agona.

"Esita."

"Ee."

"Chinali mbali iti?"

"Munamva nokha."

"Ndinamva ukuuza mwana wanga kuti atsike. Sindinamve ukunena kuti kumanzere. Takhala khoma limodzi zaka zonsezi, ukuyesa sindikudziwa?"

Ndinayang'ana kukhomo kaye. "Kumanja."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndinangonena kumanzere chifukwa unaima pakhomo paja ngati wapolisi. Ndinali mwana, Esita. Buluyo kaya anali wathu, kaya wa oyandikana nawo, sindikudziwa."

"Nanga nyumbayo?"

Anadzigwira kumbuyo kwa khosi. "Apa pakuti ndi yomweyo. Mutu usaufunse, unapuma ntchito."

Anakhala m'nyumba mwawo zaka zina zitatu. Ketulo ankaiwalabe, ine ndikamva kulira kwake kuseri kwa khoma ndinkathamanga ndi kiyi amene anandipatsa. Anamwalira pabedi pawo, nyengo yotentha, zenera lili lotsegula. Mwini shopu uja anachotsa makatoni m'chipinda muja, ndipo chaka chilichonse amayatsamo kandulo n'kutumiza chithunzi kwa Marco. Ndimapempha kuchiona, magalasi ali pamaso. Mtsikana ameneyo ndi wochenjera, amajambula kandulo yokha.

Marco amabwerabe kudzationa pa Khirisimasi, ndipo akamwa pang'ono amakamba nkhani imeneyi, kuti aliyense ankati amayi ake mutu wapita, koma anakumbukira mpaka mbali ya chitsulo. Ine ndimangotafuna. Tsopano mwadziwa anthu atatu, ndipo ndayamba kale kudandaula nazo. Akadzakufunsani ine kulibe, chinali kumanzere.